Kumudzi Kuli Bwino

Mukafika pa Lizulu n'kufunsa za Sellina, anthu angokuyang'anani, chifukwa dzina limenelo lidatsalira ku tchalitchi tsiku la ubatizo. Funsani Nangozo wa mbatata. Akulozerani mayi wa duku lakuda amene amakhala kumapeto kwa shedi, moyang'anana ndi kanyumba kopaka penti ya lalanje. Mbatata yake amaiunjika yaikulu pamwamba, yaing'ono pansi, monga achitira aliyense pamsikapo, ndipo amene anganene kuti uku n'kuba ndiye kuti sadagulitseko kanthu m'mbali mwa msewu. Sakuwa poitana makasitomala. Kale ankakuwa, mawu ake ankamveka mpaka tsidya la msewu, ku Mozambiki, koma masiku ano basi ikaima amangokweza beseni, wofuna amagula.

Nangozo adabadwira kuseri kwa mapiri omwe aja mumawaona mukamachokera ku Dedza. Bambo ake adali mmodzi wa amuna amene ankakwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, n'kumabwerako patapita zaka ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi chifuwa. Chimene iye amakumbukira bwino si wailesiyo ayi. Ndi tsiku limene bambowo adabwerako komaliza, iye ali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa.

Adawayalira mphasa pakhonde. Abale adabwera mmodzimmodzi, aliyense kugwada, kuwomba m'manja, n'kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji, a Ngozo? Kumene mwachokera kuli bwanji?" Bambowo, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete, ankangogunda pachifuwa ndi lamanzere n'kuyankha chimodzimodzi: "Tayenda bwino. Kumene tachokera kuli bwino." Onse atatha kupereka moni, madzi akumwa atabwera, mkulu wawo wa bambowo adakhosomola n'kunena kuti, "Malonje tamva. Nanga tsono?" Apo m'pamene a Ngozo adatulutsa dzanja lija m'thumba. Lidatsala ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala basi. Kulira kudayambira pamenepo.

Anthu atabalalika, kamtsikana kadafunsa amake chifukwa chimene abambo adanamira kuti kuli bwino. Amake adakatsina khutu. "Sadaname. Moni ndi moni, nkhani ndi nkhani. Munthu woleredwa satula katundu ali chiimire pakhomo. Umayamba wayankha bwino, anthu akhale pansi, mitima itsike. Akakufunsa kachiwiri, ndiye umamasula." Khutu lidapola tsiku lomwelo, koma mawuwo adakhala.

Adakula nazo zimenezo. Adakwatiwa ndi Benson, mwamuna wosalankhulalankhula wa ku Tsangano, amene nayenso adatsata njira ya ku Joni, iye kukagwira m'mafamu. Adabwerako ndi njinga yakapalasa ndi chifuwa chakechake. Njinga idakhalitsa, mwini wake sadakhalitse. Adamusiyira Nangozo ana aamuna awiri, Kizito ndi Mfundo, ndi dimba la mbatata m'munsi mwa phiri. Ana awiriwo adawalera ndi beseni, kuthamangira basi iliyonse, padzuwa, pamvula, ndi m'chifunga cha pa Lizulu chija cholowa m'mafupa mwezi wa Juni. Amayi anzake adamusankha kukhala wapampando wa ogulitsa mbatata, osati chifukwa chodziwa kulemba, koma chifukwa mkangano ukabuka iye ankayamba wapatsa moni okanganawo mmodzimmodzi, kuwafunsa za ana ndi za kumudzi, ndipo pofika pa nkhani yeniyeni ukali udali utaphwa kale.

Kizito, wamkuluyo, adatengera bambo ake, pakamwa polemera, manja a kudimba. Mfundo ndiye ayi. Ameneyo adabadwa akulongolola, ndipo atakula adadzigulira njinga yamoto n'kuyamba kabaza, kunyamula anthu ndi matumba pakati pa msika ndi midzi ya m'mapiri. Wokwera njinga ya Mfundo sankafuna wailesi.

Kanyumba ka lalanje kadabwera ngati masewera. Kampani ya juga yotchedwa Njovu Zitatu, imene akuti ili ndi kasino yaikulu ku Lilongwe kumene mabwana amatchovera juga atavala mataye, idazindikira kuti nawo amphawi ali ndi timakobiri tawo. Isadatsegule khomo, idayamba yawamangira amayi a mbatata shedi ya malata kuti asamanyowe. Tsiku lotsegulira shediyo amayi adalulutira, ndipo tisabise, amene adayambitsa nthungululu adali Nangozo yemweyu. Akadatani? Zaka zonsezo mvula idamukwapula pamsana popanda womufunsa.

Woyendetsa zonsezi adali Cedric, mwana wa ku Kandeu, wa shati yosita ndi ulemu wochititsa manyazi. Popereka moni ankagwada ndithu, bondo kugunda fumbi, ndipo sankangoti mayi ayi, ankati, "Nangozo, amayi anga." Anthu ankati mwana ameneyu adaleredwa. Adaleredwadi, ndipo malonje ankawadziwa monga ankawadziwira Nangozo.

M'kanyumbamo mudali makanema oonetsa mpira wa kunja, ndi kandege kena kamene kamakwera, kamakwera, kenaka n'kuthawa ndi ndalama za munthu. Palibe adaona tsiku limene Kizito adalowamo koyamba. Idapita mbatata ya chaka chimenecho, idapita ndalama ya feteleza, kenaka dimba la bambo ake lidakhala pa pinyolo kwa munthu wina wa tsidya la msewu, zonsezi amake osadziwa kanthu.

M'mawa wina Kizito adabwera pa shedi n'kuima pafupi ndi mulu wa mbatata, chipewa chake chaulusi chili m'manja.

"Wadzuka bwanji, Kizito?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu."

Nangozo adaona kuti mwanayo sakuchoka, akungopotokola chipewa. Adakoka thumba lopanda kanthu n'kuliyala pansi kuti akhalepo. Nthawi yomweyo basi ya ku Blantyre idaima, amayi onse adanyamuka ndi mabeseni, nayenso adanyamuka, poti basi sidikira munthu. Pobwerako adapeza chipewa chokha pathumba paja. Masana anthu adamupeza Kizito m'dimba muja atamwa mankhwala opopera mbatata.

Nangozo sadalire. Adayesa, poti amayi a m'nyumba ya siwa ankamuyang'ana m'mbali, koma m'maso mudali mouma. Mtima udachita dzanzi monga limachitira phazi ukalikhalira nthawi yaitali, ndipo dzanzilo silidachoke. Anthu adabwera kudzakhuza, amayi a mvano adaimba, iye ankangoona milomo ikuyenda. Cedric adabwera ndi tenti ndi shuga, tenti ya lalanje, n'kugwada pamaso pake. "Pepani, Nangozo, amayi anga." Iye adawomba m'manja n'kunena kuti zikomo. Amene adalira za anthu awiri adali Mfundo. Kumanda adagwira mtanda n'kulumbira anthu onse akumva kuti phazi lake silidzaponda m'kanyumba kaja, ngakhale mvula ya matalala itamupeza pakhomo pake.

Nangozo adabwerera kumsika, poti mbatata siidziwa maliro. Malo ake adali omwewo, moyang'anana ndi khomo lija. Ankadya osamva mchere, ankagona osalota. Akamufunsa kuti waswera bwanji ankati waswera bwino, ndipo sikuti ankanama, ankangopereka moni.

Udzu usadamere bwino pamanda, adayamba kuona njinga ya Mfundo itatsamira khoma la lalanje.

"Iwe Mfundo, njinga yako ikufunanji pakhomo paja?"

"Ndimadikira makasitomala, amayi. Otuluka mujamo ndi amene amakwera."

"Ndiye umawadikirira m'kati?"

Mfundo adaseka, koma kuseka kwake sikudapite patali. Adakanda m'mutu n'kunena kuti, "Ndingofuna ndiwombole dimba la abambo. Zimene a Njovu adadya kwa achimwene azibweza, muona. Ine ndimachenjera nako kandegeko, sinditenga nthawi."

Nangozo sadakalipe, mphamvu yokalipa adalibe. Koma chinthu chimodzi adachidziwa bwinobwino, ngakhale mtima udali wadzanzi: mwana adamutsalira mmodzi, ndipo khomo limene lidameza mkulu wake lidali pomwepo, lotsegula kuyambira m'mawa. Foni yaikulu, imene ena amabetchera, Mfundo adali atagulitsa kale, adatsala ndi kamabatani, choncho njira yake yopitira ku juga idali khomo lokhalo. Nangozo adayambanso kuona kuti masiku ano mwanayo sakulongolola ngati kale.

Amene adabweretsa nkhani ya lamulo adali Tawina, mayi wachichepere wogulitsa tomato pambali pake, wa pakamwa ngati lumo ndi kawailesi kosazima. "Nangozo, mwamva? Aphungu akukambirana lamulo loti nyumba za juga zichoke m'misika ndi pafupi ndi masukulu. Likadutsa, a Njovu anyamula penti yawo." Nangozo adafunsa ngati lamulolo lingafike mpaka pa Lizulu. Tawina adati lamulo silitopa ndi chitunda. Kuyambira tsiku limenelo Nangozo ankatchera khutu ku kawailesiko. Sikuti adakondwa, kukondwa kudali kutamuchoka, koma m'mawa ankadzuka podziwa chimene akudikira.

Kampani nayo sidagone. Kawailesi ka Tawina kankanena kuti akuluakulu a Njovu Zitatu ayitanira aphungu ku chakudya kuhotela, kuti agawa mipira, kuti akukumbutsa boma za misonkho ndi za achinyamata amene awalemba ntchito. Mkulu wina wa kampaniyo adatchula ngakhale Lizulu. Adati mukatseka kanyumba ka kuno, anthu angowoloka msewu kukabetcha ku Mozambiki, ndalama n'kupita kwa eni. Tawina adalavula. "Onani, mudzi wathu auphunzira dzina."

Kenaka Cedric adabwera pa shedi, n'kugwada monga mwa masiku onse. Adati komiti ina ya aphungu ikufuna kumva kuchokera kwa anthu enieni a kumudzi, osati mabwana okhaokha, ndipo kampani ipereka minibasi. Poti Nangozo ndiye wapampando wa amayi a mbatata, ndani wina angapite?

"Ndikalankhule pamaso pa aphungu?"

"Pamaso pawo penipeni, amayi anga."

"Chilichonse chimene ndili nacho?"

"Akakufunsani, mukayankhe zimene mukudziwa."

Cedric atachoka, Tawina sadadikire n'komwe kuti afike patali. "Nangozo, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anthu amene adakudyerani mwana akunyamuleni pa galimoto yawo kuti mukawanene? Adapenga liti?"

"Galimoto ndi yawo," adatero Nangozo, "pakamwa ndi panga."

Masiku otsalawo adakonza mawu ake. Ankawanena chamumtima akuunjika mbatata, kuwachotsa ena, kuwabwezera ena. Adaganiza zoyamba ndi shedi, poti munthu suiwala amene adakufunditsa, kenaka anene za dimba, kenaka za m'mawa uja. Pomaliza anene kuti, mabwana, ndatsala ndi mmodzi, chotsani khomo lija. Chipewa cha Kizito adachichapa n'kuchipinda m'kachikwama. Adaganiza kuti akadzamufunsa kachiwiri, adzachitulutsa n'kuchiika patebulo, monga bambo ake adatulutsira dzanja.

M'minibasi mudali anthu a m'maboma ena, mphunzitsi wa ntchemberembaye amene timu yake idalandira mayunifomu, ndi mayi wina wa kumene kampani idakumba mjigo. Onse adapatsidwa zitenje za lalanje zokhala ndi njovu zitatu. Nangozo adachimanga pamwamba pa nsalu yake yakuda, poti kukana mphatso uli m'galimoto ya mwini wake si khalidwe. Duku sadavule. Ku Lilongwe adawalowetsa m'hotela yozizira ngati m'mawa wa pa Lizulu, pansi pofewa mwakuti mapazi sankamveka. Adawapatsa mpunga ndi nkhuku. Anzake ankanyambita zala, iye adangotafuna n'kumeza.

Chipinda cha msonkhano chidali ndi tebulo lalitali kutsogolo, aphungu atakhala mondondozana, aliyense ndi botolo la madzi. Kumbali kudali makamera. Adayamba kulankhula mabwana a kampani, m'Chingerezi, nthawi yaitali, akuloza zithunzi pakhoma. Pa chithunzi china Nangozo adaona shedi ya pa Lizulu, ndi iye mwini ali pakati, kukamwa kuli yasa, akululutira. Adachiyang'ana ngati akuona munthu wina amene adamwalira kale.

Cedric adawerama kumbuyo kwake n'kunong'ona. "Bwana wapampando akakupatsani moni, muwayankhe mwaulemu monga kwathu, amayi anga. Anthu akulu awa." Kaya ankadziwa chimene akuchita, kaya lidali khalidwe lake chabe, adziwa yekha. Koma mwana wa ku Kandeu ameneyu malonje ankawadziwa.

Wapampando wa komitiyo adali bambo wa imvi, wooneka wotopa, amene ankayang'ana wotchi pafupipafupi. Sadali munthu woipa. Ataona duku lakuda adasiya Chingerezi, adatsitsa mawu n'kulankhula mokoma.

"Mayi a ku Ntcheu, takulandirani. Muli bwanji? Nanga kumudzi, chibwerereni a Njovu Zitatu, kuli bwanji?"

Mtsikana wina adamuikira chimkuzamawu pakamwa. Nangozo adaimirira, adapinda mawondo, adawomba m'manja mofatsa.

"Tili bwino, kaya inu, bwana. Kumudzi kuli bwino. Zikomo."

Adakhala pansi, adatsegula kachikwama, adagwira chipewa, n'kudikira.

"Mawu ochepa koma omveka," adatero wapampando. Anthu adaseka pang'ono, ena adawomba m'manja. Bwana wina wa kampani adanena kanthu m'Chingerezi akumuloza, ndipo aphungu adalemba. Chimkuzamawu chidapita kwa mphunzitsi wa ntchemberembaye.

Nangozo sadadabwe. Kwawo n'chimodzimodzi, moni umazungulira kaye onse, nkhani imabwera pambuyo. Adangoona kuti mphunzitsiyo ndi wosaleredwa, poti adangoti kupatsidwa moni n'kuyamba kukhuthula za mayunifomu, osapuma. Mayi wa mjigo nayenso chimodzimodzi. Adawamvera manyazi. Iye adakhala mowongoka, chipewa chili m'manja pansi pa tebulo, mawu ake ali pamzere m'mutu, kuyambira shedi mpaka khomo. Ankayang'ana pakamwa pa wapampando, kudikira kuti akhosomole n'kunena kuti malonje tamva, nanga tsono.

Wapampando adakhosomoladi. Adayang'ana wotchi, adathokoza onse obwera, adapempha munthu mmodzi kuti atseke ndi pemphero. Nangozo adatsinzina nawo. Atatsegula maso, mipando inkakokedwa, a makamera ankapinda mawaya.

Adamukoka Cedric shati. "Mwananga, malonje atha. Nanga nkhani tiyamba nthawi yanji?"

Cedric sadamuyang'ane m'maso. "Nkhani ndi yomwe ija, amayi anga. Mwalankhula bwino kwambiri. Mabwana akondwa."

"Sadandifunse."

"Adakufunsani, amayi. Mwayankha."

Nangozo adatuluka kutsata wapampando. Adamupeza panja, foni ili kukhutu, mwendo umodzi uli kale m'galimoto. Nangozo adaima chapatali pang'ono, poti munthu wamkulu sumudula mawu, chipewa chili m'manja. Bamboyo adamuona, adamwetulira, adachotsa foni kukhutu pang'ono. "Muyende bwino, mayi. Mukapereke moni kumudzi." Chitseko chidatsekeka. Nangozo adamva pakamwa pake pakunena kuti zikomo.

Ulendo wobwerera anzake ankaimba. Iye adakhala pawindo, akuona Nathenje, Linthipe, Dedza zikudutsa. Adafufuza mumtima ngati muli mkwiyo, kapena manyazi, kapena chilichonse choti agwire. Mudalibe kanthu. Adangomva kuti chitenje chamuthina m'chiuno, n'kuchimasula pang'ono.

M'mawa mwake Tawina sadayambe ndi moni n'komwe. "Mwawauza?"

"Adandipatsa moni."

"Ndiye?"

"Ndidayankha."

Tawina adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adakhala pansi pa dengu lake lopanda kanthu. Mayi wa pakamwa ngati lumo uja adangoti, "Kumeneko safunsa kawiri, Nangozo. Kumeneko moni ndiye mlandu womwewo." Amene adalira adali Tawina, tomato ali padzuwa, Nangozo akumusisita pamsana.

Mvula yoyamba isadagwe, kawailesi kadanena kuti gawo lija la lamulo, lochotsa nyumba za juga m'misika, laikidwa kaye pambali, poti anthu a kumudzi eni ake sadadandaule. Cedric adakwezedwa pantchito n'kusamukira ku Lilongwe. Adabwera kudzatsanzika, adagwada, adasiya paketi ya shuga. Kanyumba kaja adakapakanso penti, ndipo pamwamba pa khomo adamangirirapo sipika yaikulu.

Tsiku loyamba sipikayo kulira, Nangozo ankathira mbatata m'beseni. Kudamveka ng'oma, kenaka mnyamata wa mawu onona akuti Njovu Zitatu, bwenzi la anthu a kumudzi, tamverani mayi awa a pa Lizulu. Kenaka mawu a mayi wachikulire, ofatsa, aulemu, omveka bwino mpaka tsidya la msewu: "Kumudzi kuli bwino. Zikomo." Adatenga kanthawi kuti awazindikire. Munthu sadziwa mawu ake akamachokera kunja kwa mutu wake.

Sipikayo imabwereza zimenezo tsiku lonse. Anyamata a kabaza adayamba kumalonjerana nazo, wina akati kumudzi, mnzake n'kuti kuli bwino, n'kuseka. Tawina adafuna kukaigenda ndi mwala, amayi ena adamugwira, adati shedi ndi ya eni, tingadzanyowenso. Ena pamsikapo amati Nangozo adadya za a Njovu. Iye sawayankha. Angawauze chiyani, kuti mawuwo si ake? Ndi ake, ndipo adawanena monga adamuphunzitsira amake.

Mfundo adasowa pa shedi masiku angapo. Tsiku limene adabwera, adabwera wapansi. Njinga padalibe. Chisoti chokha ndicho chidali m'manja, akuchitembenuzatembenuza. Adaima pafupi ndi mulu wa mbatata, pamalo pomwe paja.

"Waswera bwanji, Mfundo?"

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu."

Mwana wolongolola uja adathera pomwepo. Sadachoke. Nangozo adakoka thumba lopanda kanthu n'kuliyala pansi. Nthawi yomweyo basi ya ku Blantyre idaima, mabuleki akulira, ndipo amayi onse adanyamuka ndi mabeseni. Tawina adamuitana akuthamanga. Nangozo sadanyamuke. Adakankhira beseni kumbali ndi phazi.

"Moni ndamva," adatero. "Khala pansi apa. Nanga tsono?"

Mfundo adayang'ana thumbalo. Bondo limodzi lidayamba kupindika kuti akhale. Kumbuyo kwake ng'oma za m'sipika zidayamba, mnyamata wa mawu onona adanena zake, ndipo mayi uja adauza msika wonse kuti kumudzi kuli bwino. Mfundo adatembenuza mutu kuyang'ana khomo, kenaka amake. Adapisa dzanja m'thumba la buluku, momwe mudali kanthu kotsala pa mtengo wa njinga.

"Ndikubwera, amayi. Sinditenga nthawi."

Adaika chisoti pathumba paja n'kuwoloka kampata ka pakati pa shedi ndi kanyumba kaja. Nsalu ya pakhomo idagwedezeka, idaima.

Basi idanyamuka, amayi adabwerera akupukusa mabeseni opanda kanthu. Mphepo ya m'phiri idafuna kuulutsa thumba lija, ndipo Nangozo adaliponda ndi phazi kuti malo a mwanayo asachoke. Idaima basi ina, kenaka ina. Iye sadanyamuke.